Chubu cha mu Ampu

A Chidindo, amene anadinda makalata ku positi mpaka imvi zinawapezera pa kauntala pomwepo, anayamba kuphunzira gitala yamagetsi atapuma ntchito, ndipo anaiyamba ndi changu cha munthu amene akuthamangira basi. Vuto linali ampu yawo yakale, chimbokosi chokuzira mawu a gitala chofika m'chiuno: ukachepetsa voliyumu chinkangoti zii, ukakweza pang'ono makapu ankavina m'kabati. Ndiye mwana wawo wamkazi atabwera pakhomo ndi khanda la masabata atatu, mayi akunyumba anagamula mlandu wopanda apilu. Bambo apeze kaampu kosamveka kuseri kwa chitseko, apo ayi gitala ikwera pamwamba pa wadiropu mpaka mdzukuluyo adzayambe sukulu.

Zinawawawa a Chidindo, musanamizidwe. Zala zawo zinali zitangoyamba kumvera, ndipo ankadziwa kuti zikapuma zaka zisanu zidzangotsala zogwirira ndodo basi. Choipa china n'chakuti mayi sanakhulupirire makutu a amuna awo, choncho anatuma mchimwene wawo kuti akamve yekha ndi kugamula. Mchimwene ameneyu anali a Sipoko, okonza njinga, munthu wabwino mtima zedi, koma ukawauza kuti ukufa ndi njala amayamba kufunsa za bokosi.

Loweruka m'mawa awiriwo analowa m'shopu ya zoimbira zogwiritsidwa kale ntchito. Mwini shopu anawabayira gitala pa kaampu kakuda kokhala ndi chogwirira pamwamba, n'kulowa kuseri kukawotcherera mawaya.

"Iyi ndiye yanga, alamu," anatero a Chidindo akuisisita. "Ya machubu."

"Ya chiyani?"

"Machubu."

Nkhope ya a Sipoko inawala. Njira yonse ankadandaula kuti asisi awo awatuma ntchito imene saidziwa, koma apa nkhani inali itafika pamalo pawo. Anapinda manja a malaya.

"Bwanji simunanene tili kunyumba? Ndikanatenga pampu."

"Sifuna pampu."

"Onse amatero pogula." A Sipoko anakanyamula kaampuko n'kusuzumira kunsi. "Nanga matayala anachotsa ndani?"

"Ilibe matayala, alamu, ndi ampu."

"Ndiye chubucho chimakhala mu chiyani? Chubu chopanda tayala ndi mphira womangira katundu basi."

Tsono chilungamo chake, a Chidindo nawonso sankadziwa chimene machubuwo amachita. Anangowerenga pafoni kuti ampu ya machubu imatulutsa mawu ofunda, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima unakakamira pomwepo. Koma munthu amene anakhala zaka makumi atatu akuuza anthu kuti fomu yawo yalakwika sangavomere pamaso pa mlamu wake kuti sakudziwa. M'malo mofotokoza, analoza kapepala kamene mwini shopu anamata pambali, n'kunena monyada kuti akatswiri ena sawatchula n'komwe machubu, amati mavalavu.

"Eya, valavu," anatero a Sipoko akuomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Chubu chilichonse chili ndi valavu. Nanga mumati sindikudziwa."

"Si valavu imeneyo."

"Ili pati? Ndiione ngati ili ndi kachipewa kake."

Posaipeza valavuyo, a Sipoko anayamba kuyendayenda m'shopumo ndipo anapeza kaampu kena kofanana msinkhu, kopanda chubu, kokhala ndi pobayira mahedifoni. Anawachonderera alamu awo kuti atenge kameneko, poti chinthu chopanda chubu sichiphwa, komanso khanda silingamve kanthu. A Chidindo anakana kwamtuwagalu. Iwo sanaphunzire gitala ataphuka imvi kuti aziimbira makutu awo okha ngati munthu wakuba nyimbo. Anadina batani pa ampu ya machubu ija, kagetsi kofiira n'kuyaka, kenako anakhala pampando manja ali pamaondo.

"Tikudikira ndani?"

"Machubu atenthe kaye."

A Sipoko anabwerera cham'mbuyo mapazi atatu n'kukaima kuseri kwa ng'oma yaikulu.

"Alamu, ine machubu ndimawabisa pamthunzi. Inu mukuwawotcha dala?"

"Akatentha m'pamene amalira bwino."

"Inde amalira. Kamodzi kokha."

Zinatenga nthawi kuwatulutsa kuseri kwa ng'omako. A Chidindo anatembenuza ampu kuti mlamu wawo aone yekha, ndipo m'katimo munali timagalasi tiwiri tonga mabotolo a jakisoni, tikuyaka mofiirira. A Sipoko anagwada, anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'anitsitsa ngati adokotala.

"Agalasi?"

"Agalasi."

"Koma dziko lapita. Mpweya amaikamo wochuluka bwanji?"

Apa a Chidindo anakondwa, chifukwa yankho lake analiwerengapo ndithu. Anakhosomola kaye, n'kunena mwaulemerero kuti m'machubu amenewa mulibe mpweya ngakhale pang'ono.

"Ndiye aphwa," anatero a Sipoko mwachisoni.

"Sanaphwe. Amapangidwa choncho."

"Amachokera ku fakitale ali akuphwa kale?"

"Amachotsamo mpweyawo dala."

"Ndipo anthu n'kumagula?"

"Akatswiri enieni."

"Ayi, ndiye ine ndili pa ntchito yolakwika. Ndakhala ndikutuluka thukuta kuthira mpweya, anzanga akulemera ndi kuuchotsa."

Nthawi yomweyo ampu inatentha, ndipo sipika inayamba kachiphokoso kake kaja kapansipansi, kongoti siii. A Sipoko anakweza chala kuti aliyense akhale chete. Phokoso limenelo ankalidziwa kuposa mawu a akazi awo. Ananyambita chala, n'kuyamba kuchilowetsa kumene kunali timagalasi kuti aone pamene malovu achite thovu. A Chidindo anawagwira dzanja litatsala pang'ono kufika, gitala n'kugunda pa bondo, nsambo zonse n'kulira pamodzi.

"Mupsa, alamu!"

"Chabwino, malovu ayi. Aitaneni eni ake atibwereke beseni la madzi."

"La chiyani?"

"Tiimize. Pamene patuluke thovu, m'pamene pabooka."

"Mukufuna kumiza chinthu chamagetsi m'madzi?"

"Ndiye mukufuna ndipeze bwanji bowolo, ndiombeze?"

A Chidindo anaona kuti pakamwa sawina, ndiye anati gitala iwayankhulire. Anakweza voliyumu pang'ono n'kukhwatcha nsambo. Mawu anatuluka okhuthala, okanda pakhosi ngati a munthu wachimfine, ndendende aja ankawalota. Chimwemwe chinawaiwalitsa amene anali naye, ndipo anafuula kuti tamverani mmene mawuwo akung'ambikira.

"Basi," anatero a Sipoko akupukuta chala pa buluku. "Mwavomera nokha kuti chang'ambika."

Panatsala njira imodzi yokha. A Chidindo anawakumbutsa kuti asisi awo sanawatume kudzayeza mpweya, anawatuma kudzamva ngati ampu imadutsa chitseko. Anawatulutsa panja, n'kutseka, n'kuchepetsa voliyumu mpaka pansi penipeni. Kenako anaimba kanyimbo kamodzi kamene ankakatha bwino. Abale inu, kanamveka. Mawu anali aang'ono koma odzaza, nsambo iliyonse ikumveka payokha, ndipo kwa nthawi yoyamba chiphunzirireni anadzimva ngati woimba weniweni. Misozi inalengeza. Anadziona ali pabalaza masana, khanda lili m'tulo kuchipinda, iwo akuimba popanda wowaponyera diso.

Chitseko chinatseguka. A Sipoko analowa akupukusa mutu, foni ili kale m'manja.

"Sindinamve kanthu. Ndinachita kumata khutu pa thabwa."

"Ndiye zimene tikufunazo."

"Ayi, alamu. Sindingaime pano n'kumaonerera mukutenga chinthu chakufa. Asisi adzati ndinali kuti?"

A Chidindo anadzuka kuti alande foniyo, koma lamba wa gitala anawakola pampando. Foni inali ikuitana kale, ndiponso a Sipoko anali ataiika pokweza mawu monga amachitira manja akakhala ndi girizi. M'maganizo mwawo a Chidindo anaoneratu mapeto ake. Anaiona gitala yawo ili pamwamba pa wadiropu, pakati pa masutikesi, ikudya fumbi.

Mayi atayankha, a Sipoko anapereka lipoti lonse mosabisa kanthu: chinthucho chilibe matayala, valavu sikuoneka, machubu ndi agalasi, mpweya mulibe, chikutayikira poti siii, ndipo alamu avomera okha kuti chang'ambika.

"Chaphwa, asisi, musalole. Ndinaima panja pa chitseko iwo akuimba, sindinamve olo pang'ono."

Pafoni pankamveka khanda likuyamwa.

"Simunamve kanthu, achimwene?"

"Olo kamodzi."

"Abwere nayo."

A Chidindo anakhala pansi pang'onopang'ono, akuopa kuti akapuma mwamphamvu chigamulo chisintha. A Sipoko anayang'ana foni, anayang'ana ampu, kenako mtima wawo wabwino uja unawagwira. Anati ngati asisi alola, iwo sangasiye alamu awo akuvutika ndi chinthu chodwala. Adutsira nacho ku ntchito kwawo, achimata chigamba chabwino, ndipo pofika madzulo chizilira mpaka kumsewu.

"Mpaka kumsewu?" Mawu a mayi anasintha. "Ngati ndi chinthu choti chikamatidwa chiyamba kumveka, chitsale komweko. Apatseni foni bambowo. Bambo, ndiuzeni zoona, chinthuchi chili bwanji?"

A Chidindo, amene kwa ola lathunthu anakhala akulumbira kuti ampu yawo ili bwinobwino, analandira foniyo ndi manja awiri. Anayang'ana mlamu wawo m'maso.

"Yaphwa, mayi," anatero. "Yaphweratu, ndipo mtundu umenewu sumatika."