A Zikhalo Athawa ndi Chitsulo Chawo

Nthawi ya zilengezo ndi ino. Amene muli kudimba ndi wailesi, kwezani pang'ono kuti oyandikana nanu amveko.

Madokotala a mafupa akudziwitsa onse amene anaikidwa chitsulo cha m'chiuno m'chaka cha 2009, chija chosamata ndi simenti, kuti afike kuchipatala chachikulu pa Dedza Lachinayi pa 14 Ogasiti m'mawa. Akufuna kuwajambula, aone mmene chitsulocho chilili patatha zaka 16. Tinawerenganso zimenezi sabata yatha, ndipo zomwe zatsatira muzimva nokha. Chilengezochi chachokera kwa Dokotala Fiona Kalonga.

A Jestina Zikhalo a ku Kasina akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, a Anselmo Zikhalo a zaka 71, asowa kuyambira Lolemba. Atamva kuitana kwa madokotala, a Zikhalo anakafunsa nzeru pabawo. Akatswiri a pamenepo, oti sanaonepo ngakhale khomo la fiyeta kochitira opaleshoni, anawauza kuti chitsulo chikapitirira zaka 15 achipatala amachizula. Apo n'kuti bambowa atayamba kale kumva kuwawa m'ntchafu. Anachoka osadya, atavala jekete yabuluu ndi korona m'khosi. Amatsimphina pang'ono mwendo wamanzere, koma musanyengeke, liwiro ali nalo. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo ndi Mphakati wa Yosefe Woyera.

A Ezara Chimombo, ogulitsa kachewere pa Chimbiya, akudziwitsa banja la a Zikhalo kuti bambowa anawaona Lachiwiri masana. Akuti a Zikhalo anawathandiza kukweza matumba atatu m'minibasi, koma kukwera anakanitsitsa, poopa kuti ingakawatsitse pachipatala. "Chiuno ichi n'changa, achimwene, ndinachivutikira," anatero, n'kuuyamba wapansi wa ku Kabwazi. Kwa mwana wawo Pilira, mphunzitsi kumeneko, sanafike. Chilengezochi chachokera kwa a Chimombo.

Dokotala Kalonga akudziwitsa a Zikhalo, kulikonse kumene ali, kuti palibe amene akufuna chitsulo chawo. Cha mtundu umenewu fupa limamera n'kuchigwira lokha, ndipo kwa anthu ambiri chimakhala zaka zoposa makumi awiri chili nganganga. Kuwawa m'ntchafuko n'kumene kukufunika kuona msanga, chifukwa nthawi zina chimene chatha ndi kapulasitiki ka m'kati chabe. Komabe akuti sangalonjeze kanthu asanajambule. Chilengezochi chachokera kwa madokotala a mafupa.

Chomaliza chafika posachedwapa, cholembedwa ndi pensulo, ndipo ine chandigwira mtima. A Jestina Zikhalo akudziwitsa amuna awo kuti masiku atatu tsopano sanakhale pansi. Galu akauwa, iwo ali kale pamsewu. Akuti madokotala alephera kulonjeza, koma iwo alonjeza. Akudziwa kuti chimene amuna awo akuthawa si mpeni ayi, koma zaka zinayi zija asanaikidwe chitsulo, pamene ankawabereka popita kuchimbudzi, bambowo atabisa nkhope kuti ana asawaone akulira. Mawu awo ndi awa: "Bambo a Pilira, bwerani kumudzi, kunjaku kukuzizira. Akakachisiya, tidzabwerera limodzi wapansi. Akakachichotsa, msana wanga uja ulipobe. Ine sindinatopepo, manyazi munkachita ndinu." Chilengezochi chachokera kwa a Jestina, amene akudikira pamphambano ya ku Kasina.