Jombo Zopaka Mafuta a Nkhumba

M'sitolo ya zipangizo za asodzi pachilumba cha Kodiak, kumaiko ozizira a kumpoto, bambo wina anali pamzere atanyamula jombo imodzi yachikopa, yodzaza zipsera za mano. Mayi amene anali kumbuyo kwake analephera kupirira.

"Pepani bambo, ndi galu wachita zimenezi?"

"Chimbalangondo, mayi."

"Jombozo munazisiya panja?"

"Ayi. Zinkalowa madzi, ndiye ndinazitsuka bwinobwino. Phula lotchingira madzi linali litandithera, ndinangozipaka mafuta a nkhumba otsala m'chiwaya."

"Mafuta a nkhumba? Nyengo ino, zimbalangondo zili mbwee kumtsinje?"

"Koma madzi sanalowe ngakhale dontho."

"Anzanu timachapa jombo kuti fungo la nsomba lichoke, inu mukuchita kuzikometsa ngati ndiwo? Ndiye chinalowa m'tenti?"

"Sindinali m'tenti. Ndinali pamwala, ndikuwodzera, mbedza ili m'madzi."

"Nanga jombozo zinali kuti?"

"Kumapazi."

"Mulungu wanga. Inzake ili kuti?"

"Chinapita nayo. Zingwe ndinachita kuchimasulira ndekha, mwaulemu."

"Ndiye mwabwera kudzagula zatsopano."

"Ayi, phula. Yatsalayi ikadali yabwinobwino."