Galu Wosauwa wa ku Phalula

Pa depoti ya basi ku Balaka, bambo wina wovala mkanjo woyera ankasendera kumapeto kwa benchi, kuthawa galu waubweya ngati ndevu za chimanga amene mayi wa chitenje cha chipani anamugwira pachingwe.

"Mayi, chinkhosa chanuchi chisandinyambite. Ndikupita kumzikiti ku mapemphero a Juma ine."

"Pepani bambo. Anatisiyira wansembe wa ku mishoni pobwerera kwawo. Tayenda wapansi kuchokera ku Phalula kudzabayitsa katemera wa chiwewe. Akuti agalu osabayitsa awawombera."

"Amasaka?"

"Iyayi."

"Nanga akuba amawauwa?"

"Kuuwa ameneyu? Atabwera akuba, anawalandira ndi nsapato ya amuna anga kukamwa, mchira uli pukupuku."

"Ndiye mtunda wonsewo kuvutikira galu wongodya?"

"Ntchito yake n'kutola zinthu n'kubweretsa, basi. Ngakhale dzira amabwera nalo losasweka. Chaka chatha ndikutsuka mbale, Dailesi wanga anakwawira kumsewu, lole ikubwera. Uyu anamuluma kadiresi, n'kumukokera mpaka pamapazi panga."

"Allah! Mwanayo ali bwino?"

"Akuyenda tsopano. Anaphunzira kuyenda pogwirira ubweya womwewu."

"Kumukhudza sindingamukhudze, mayi. Koma chitumbuwa ichi mumupatse inuyo. Mumuuze kuti chachokera kwa Che Uladi."