Fungo la M'manja Mwanga

Moni abale ndi alongo m'dzina la Ambuye. Ine ndine Nachisale wa ku Chibanja, kwathu ndi ku Dedza. Ndaimirira kuti ndilape bodza lomwe ndakudyetsani zaka ziwiri.

Tinabwera ku Mzuzu amuna anga atasamutsidwa pa ntchito ya boma. Ndinali mayi wodzimva ine, wantchito ndinali naye. Bambowo atatisiya, zonse zinathera pomwepo. Ntchito yomwe ndinapeza ndi yokolopa m'chipatala. Kupukuta masanzi, kutaya mikodzo, kutsuka zimbudzi. Mukandifunsa ndinkati, "Ndili mu ofesi kuchipatalako." Majombo ndinkabisa m'chikwama. Ndinkaopa, abale. Ndinkaopa kuti amayi a chigwirizano mukadziwa, musiya kudya zophika zanga, muyamba kundikhalira patali.

Tsiku lina m'mawa anamwino anandiitana kuti wodwala wasanza pa bedi lachitatu. Kufika, ndi mayi NyaGondwe, tcheya wathu wa amayi. Ndinakweza masiki mpaka m'maso, n'kugwada. Ndinapukuta pansi, ndinawasintha chitenje, ndinawatsuka kukamwa.

Ndikunyamula ndowa, anandigwira dzanja, n'kundithokoza m'Chitumbuka.

"Amama Nachisale, yewo chomene."

Ndinati, "Mwandidziwa bwanji?"

Odwala choncho, anaseka. "Ise tinadziwa kale. Tikapatsana moni Lachinayi, manja anu amanunkha mankhwala okolopera. Ndi ofesi yanji imeneyo? Timangodikira kuti munene nokha." Kenako analoza pakhomo. "Ana anga aima apo, fungo lawakanika. Wagwada pano ndi inu."

Ndinalira, abale. Ndinalira ndowa ili m'manja. Zaka ziwiri ndikubisa chinthu choti aliyense akuchimva ndi mphuno, ndipo palibe anabwezapo mbale yanga. Wonyansidwa ndi ntchito yanga ndinali ndekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa manyazi, osandichotsa ntchito. Ana anga akudya, wamkulu ali folomu 3 ku Katoto. Msana umawawa, sindinama, ndipo anthu ena amandidutsa ngati khoma. Koma wodwala akagona poyera, ndimadziwa kuti ndadutsapo ndine.

Mawa m'mawa ndili ku wodi ya amayi, majombo ndivalira kunyumba. Mukabwera kudzaona odwala, mundipatse moni mokweza, pa dzina langa. Koma chonde, musaponde ponyowa. Amen.