Tsiku limene ndinati tikukazonda Nyika

Moni abale mwa Ambuye. Ine pa msika wa Bolero panalibe wondiposa pakamwa. Ndinkatsitsa mtengo mpaka wogulitsa kundithokoza. Ndinkati palibe pamene lilime langali lingakanike kunditulutsa. Imvani mmene linatsala pang'ono kunditsekeretsa.

Ndine wa ku Dedza, koma ntchito ya boma inandikalambitsira ku Rumphi. Nditapuma, akazi anga aNaphiri anapempha kuti tikwere ku Nyika. Maso awo anali atayamba ng'ala, ndipo ankafuna kuona kumtundako kusanawadere.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankayenda pa chifukwa: maliro, matenda, ukwati. Tisanafike pa geti la Thazima, anyamata a malaya ofiira anaimitsa lole imene tinakwera.

"Mukuya nkhu, adada?" anafunsa mkulu wawo m'Chitumbuka, kufuna kudziwa kumene tikupita.

Ine pofuna kuseketsa ndinati, "Tikukazonda Nyika."

Palibe anaseka. Malire a Zambia ali pafupi pomwepo, ndipo kwa iwo wozonda ndi kazitape. Anatitsitsa, lole n'kupita. Anatikhazika pansi padzuwa, wina akunola ndodo ndi mpeni. Ndinakumbuka anzanga amene anatengedwa chonchi osabwerera. Ndinanong'oneza aNaphiri kuti tinene kuti kuli maliro.

"Bambo, musaphe munthu wamoyo," anatero. "Khalani chete kamodzi."

Ndinapemphera mawu atatu okha: Yesu, nditsekeni pakamwa.

Mkulu uja anafunsa aNaphiri amene anatituma. Iwo anangokweza nkhope. "Mwanawe, yang'ana maso angawa. Ndakalamba ndikuchapa zovala pansi pa phirili. Ndikufuna ndilione pamwamba ndisanachite khungu."

Mkuluyo anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka anati amayi ake ku Hewe anachita khungu asanaone ngakhale nyanja. Anaimitsa galimoto ya oyang'anira nyama, nawakweza aNaphiri kutsogolo. Ine anandilozera kumbuyo, pa matumba a simenti. "Mupite, amama. Koma adadawa asayankhule mpaka mutabwerera."

Kumtunda aNaphiri anaona mbidzi, akuti ngati nsalu zoyanika pa nkhungu.

Ndikuthokoza Mulungu chomene. Okalamba anzanga, musaleke kupempha, ndipo kumene mtima ukufuna kukaona pitani maso akadalipo. Koma tandiuzani: pakati pa ine katswiri wa pamsika ndi mayi amene sanatsitsepo mtengo wa tomato, anapambana ndani?