Magazi a Fausto Akuthamanga

Atabwerera ku Majaua kuchokera kuchipatala cha ku Milange, komwe enfermera, namwino uja, adamuuza kuti ali ndi tensau, matenda othamanga magazi, Fausto adakhala pakhonde kudikira chakudya ngati palibe chachitika. Koma mkazi wake Carlota, munthu wosataya liwu ngakhale limodzi, mawu onse a enfermera adali atawamanga pansalu.

Fausto adalawa nyemba, nkhope n'kuchita tsinya.

"Mai a Elisa, mchere uli kuti?"

"Ulimo, bambo. Timibulu titatu. Ndachita kuwerenga."

"Titatu?"

"Paja anati muchepetse. Mawa tiwiri."

Fausto adamuyang'ana cham'mbali. "Kwathu kuno mkazi akaleka kuthira mchere m'ndiwo, ndiye kuti pali chimene akubisa. Mwachita chiyani?"

"Ndabisa, inde."

"Epa! Mukuvomera?"

"Ndabisa mcherewo. Ndi mafuta omwe. Musavutike kufunafuna."

Fausto adakankha mbale. "Tamverani. Ine sindikudwala. Kamtsikana kaja kangondimanga lamba pamkono, kupopapopa ngati tayala, basi kadziwa za mtima wanga?"

"Anati magazi anu akuthamanga."

"Ndiye vuto n'chiyani? Magazi aulesi ndi amene ali abwino? Asiyeni athamange, akatopa aima okha."

"Akaimatu ndiye maliro, bambo."

Apo Fausto adayamba kutokosa m'mano mopanda kanthu. Carlota adalowa m'nyumba, natuluka ndi mphasa, nayala padothi.

"Gonani apa. Chafufumimba."

"Masana ano? Chifukwa?"

"Anati muziika mtima pansi. Pampandopo mtima uli m'mwamba."

"Ambuye Yesu! Amatanthauza kuti ndisamakwiye!"

"Nanga mukukwiyiranji? Gonani."

"Sindigona! Ndipatseni njinga yanga, ndikadye kanyenya kumsika, kumene anthu amadziwa mchere."

"Njinga yapita."

"Yapita kuti?"

"Ndabwereka achimwene a Hilário mpaka Khirisimasi. Paja anati muziyendayenda tsiku lililonse."

Fausto adatsegula pakamwa kuti akalipe, koma ganizo lina lidamugwera. Adakhala bwino, nasisita chibwano, kumwetulira ngati mphaka waona mkaka. Apa, adaganiza, wamupezeketsa.

"Anati chiyani? Bwerezani."

"Muziyendayenda."

"Ehee! Limenelo lokha ndiye lamulo lanzeru. Zaka makumi atatu mwakhala mukundiletsa kuyendayenda, abambo mfumu nawonso kundiletsa, lero boma landilola. Ndiyambira kwa Edite wogulitsa mowa uja. Amandisekerera bwino."

Adadikira kuti mkaziyo alumphe. Carlota adangogwedeza mutu.

"Kwa Edite n'pafupi. Anati theka la ola. Muzipitirira mpaka kumlatho."

"Simukumva? Ndati ndiziyendayenda! Ndi akazi!"

"Kaya ndi akazi, kaya ndi mbuzi, bola thukuta lituluke."

"Nsanje mulibe?"

"Nsanje imakweza tensau. Inenso anandiletsa."

"Inunso? Inu zikukukhudzani pati?"

"Pamene munatuluka kukasuta fodya amene anakuletsaniyo, anandimanga lamba nanenso. Anga akuthamanga kuposa anu."

Kumwetulira kudachoka. Fausto adamuyang'anitsitsa mkazi wake. "Bwanji simunanene?"

"Simunafunse. Ndiye anati nanenso ndiziyendayenda."

"Inu?"

"M'mawa uliwonse, kusanatenthe. Ndauza kale a Paulino."

"Paulino uti? Wofedwa mkazi uja? Wodzola mafuta onunkhira popita kumunda?"

"Omwewo. Akuti iwo anayamba kalekale kuyendayenda, njira zonse zachidule akuzidziwa. Andiphunzitsa."

Mpando udagwa chagada. Fausto adali kale chilili, akufwanthula pansi pa benchi.

"Mukufuna chiyani, bambo? Mcherewo suli kumeneko."

"Nsapato zanga! Mawa tambala akalira, ine ndi inu, mpaka kumlatho n'kubwerera!"

"Nanga si mwati simukudwala?"

"Ndikudwala kwambiri! Ndi Paulino amene ali bwinobwino, akhale kwawo!"