Mawu Osasa a Mayi Marjory Kalumba

Abusa, anamfedwa ndi nonse mwabwera kudzatiperekeza, amene agona apawa ndi Mayi Marjory Kalumba. Anabadwa m'chaka cha 1987 kuno ku Kanyama, koma kwawo kwenikweni ndi ku Katete. Bambo awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo anakula m'manja mwa mayi awo, Mayi Anna, ogulitsa tomato pamsika.

Pulaimale anaphunzira ku Kanyama konkuno, sekondale ku Matero, kenaka anachita maphunziro a makompyuta ku koleji. Kusukulu ankachedwa kawirikawiri chifukwa cholawirira ndi mayi awo kumpopi, kumene nthawi zina ankadikira mpaka dzuwa kuswa mtengo, n'kubwerako ndi zigubu zopanda kanthu. Zimenezi sanaziiwale.

Mu 2012 anamanga banja ndi Bambo Edwell Kalumba. Kumpingo analowa kwaya, koma tisabise, mawu awo anali osasa chibadwire. Oyimbitsa anawapempha mwaulemu kuti aziima kumbuyo n'kumaomba m'manja. Iwo ankaseka okha akamafotokoza nkhaniyi.

Pakampani yathu yaing'ono anali purodakiti ona, kutanthauza mwini wa chimene gulu likupanga. Tinkapanga pulogalamu yodziwitsa anthu a m'komboni pafoni kuti madzi afika kumpopi. Malemu sankalemba pulogalamuyo. Ntchito yawo inali kumva zofuna za anthu, kusankha choyamba kupangidwa ndi choti chidikire, ndiponso kuona zimene tapanga pakatha masabata awiri aliwonse. Ntchito sinkatha mpaka iwo atanena kuti yatha. Kukana ankakudziwa bwino, ngakhale kukanira mabwana. Tinkang'ung'udza, koma lero tikulakalaka atatikaniranso kamodzi kokha.

Mabwana atafuna kuti uthenga uzipita wolembedwa m'Chingerezi, malemu anatitengera tonse kumpopi, nsapato zathu zabwino zili m'matope, n'kupatsa mayi awo foni kuti awerenge. Mayi Anna anaitembenuza uku ndi uku, n'kuibweza. Kuyambira tsikulo, uthenga wolankhula m'Chinyanja unakhala patsogolo pa ntchito zonse. Posowa munthu woti tiyesere naye, malemu anajambula mawu awo omwe: “Bamayi, manzi yabwera. Tengani vigubu.” Anati ndi ongoyembekezera, tidzapeza wa mawu okoma. Koma nthawi zonse pankapezeka china chofunika kwambiri kwa anthu, ndipo ntchito yosintha mawuyo ankaikankhira kumapeto. Sanaivomereze n'kamodzi komwe kuti yatha.

Chaka chathachi anayamba kudwala impso. Ali kuchipatala ankafunsabe ngati uthenga ukufika kumakomboni a Chawama ndi George, kumene tinali titangoyamba kumene. Anatisiya Lachiwiri lapitali.

M'mawa wa Lachitatu mafoni analira monga mwa masiku onse, ndipo pasiwa, pafoni ya Mayi Anna, panamveka mawu a malemu akuitana amayi kumadzi. Anthu analira kosatonthozeka. Ife tinachita manyazi, tinaganiza zowachotsa mawuwo tsiku lomwelo kuti tisapweteke mitima ya abale. Koma wotiuza chochita kunalibe, choncho tinachita zimene iwo anatiphunzitsa, tinakafunsa mwini foni. Mayi Anna anatiyankha kuti, “Musachoseko. Ni mwana wanga uja, amaniusha kuseni. Mukachosa ninshi mwanipoka kabili.” Ankatanthauza kuti mwana wawoyo amawadzutsa m'mawa, ndipo tikachotsa mawuwo ndiye kuti tawalanda mwanayo kachiwiri.

Mayi Kalumba, ntchito ija munaisiya kumapeto, amayi anu aivomereza. Yatha. Mawa m'mawa mudzawadzutsanso.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Edwell, ana awiri, Chilekwa ndi Monalisa, mlongo wawo Blackson, ndi mayi awo owabereka, Mayi Anna.

Mzimu wawo upumule mu mtendere.